Mulu, phiri ndi makwerero: aneni a Chingerezi onena za kuchuluka pang'onopang'ono

M'magolosale ambiri mumakhala kope limodzi lothetheka m'mbali, lomangiriridwa bolopeni ndi kaulusi. M'kopemo ndi momwe mumalembedwa ngongole. Lolemba mayi watenga mchere ndi machesi, Lachitatu mwana watumidwa sopo, Loweruka bambo watenga mayunitsi a K500. Palibe tsiku limene banjalo lidatenga katundu wodabwitsa. Koma mwezi ukatha, mwini golosale n'kuwonkhetsa, bambo amayamba agwira kaye pakamwa asanapise m'thumba.

Za ngongole yotereyi wina anena kuti yachuluka, wina kuti yakwera, wina kuti yaunjikana. Onse akunena zoona, koma aliyense akuona chithunzi chake: uyu akuwerenga manambala, uyo akuona chinthu chokwera mmwamba, winayo akuona mulu. Ndipo munthu akamanenedwa kuti wadzikundikira chuma, aliyense amamva kuti m'mawuwo muli kachidzudzulo kamene mulibe m'mawu oti wasunga ndalama.

Chingerezi nacho chimachita chimodzimodzi. Vuto la wophunzira ndi loti kusukulu amagwiritsitsa mneni mmodzi, "increase", n'kumamugwiritsa ntchito paliponse ngati khasu limodzi lolimira, lokumbira ndi lodulira mizu. Akatsegula nyuzipepala amapeza "accumulate", "accrue", "amass", "mount", "build up", "escalate", ndipo mtanthauziramawu amamuuza kuti onsewo ndi kuchuluka basi. Komatu mneni aliyense mwa amenewa adanyamula chithunzi chakechake kuchokera kumene adabadwira, ndipo munthu akachiona chithunzicho, sasokonezanso.

Mulu umene umakula osaona

Mneni "accumulate" adachokera ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale. Pakati pake pabisala liwu loti "cumulus", lotanthauza mulu. Choncho kunena kuti chinthu chikuchita "accumulate" n'kunena kuti chikusanduka mulu, china pamwamba pa chinzake, monga chiswe chimamangira chulu ndi kadothi kamodzikamodzi.

Liwu lomweli lili kumwamba. Mu Disembala 1802, Luke Howard, katswiri wosakaniza mankhwala wa ku London amene ankakonda kuyang'ana kuthambo, adakamba nkhani pa kagulu ka anzake yopereka mayina a Chilatini ku mitundu ya mitambo. Mitambo yoyera yodzitutumula ija, imene imaoneka masana a mu Novembala ngati milu ya thonje pamsika, adaitcha "cumulus". Akatswiri a zanyengo padziko lonse akugwiritsabe ntchito dzinali mpaka lero.

Mneniyu amakonda zinthu zodziunjika mwakachetechete kwa nthawi yaitali: fumbi pamwamba pa kabati, matope pansi pa damu, mafuta m'mitsempha ya magazi, chidziwitso m'mutu mwa munthu. Chitsanzo chotchuka ndi cha mpweya wa kaboni dayokisaidi. Mu 1958 Charles David Keeling adayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo adapeza magawo pafupifupi 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Tsopano chiwerengerocho chadutsa 420. Palibe chaka chimene mpweyawo udalumpha modzidzimutsa. Chaka chilichonse chimangosiya kake pamwamba pa ka chaka chatha. N'chifukwa chake olemba za sayansi amasankha "accumulate" akafika pa nkhaniyi.

Pakhomo munthu salankhula motero. Mbale zikaunjikana pa thandala, Mngerezi amati "The dishes are piling up", ndipo makalata osayankhidwa, zovala zosachapa, ntchito zotsalira, zonsezi zimachita "pile up". Chithunzi chake ndi mulu womwewo, koma wooneka ndi maso ndiponso wosowetsa mtendere. Pali mnzake, "build up", amene amanena za chinthu chokhuthala kapena cholimba pang'onopang'ono, ngati khoma lomangidwa njerwa ndi njerwa. Madzi a ku London ali ndi laimu wambiri, moti mkati mwa ketulo mumamera chikhungwa choyera. Chimenecho amati chachita "build up". Magalimoto akamachulukana pamsewu chakumadzulo, mkwiyo ukamasonkhana mumtima, wodwala akamapezanso mphamvu, mneni ndi yemweyu. Ubwino wake ndi woti satenga mbali: amanena zoipa ndi zabwino zomwe.

Chomera chokha ngati mbewu

Banja lina la aneni lidachokera ku liwu la Chilatini loti "crescere", kutanthauza kukula. "Increase" uja ndi wa m'banjamo. Momwemonso muli "crescent", dzina la mwezi ukangokhala kumene, wopyapyala ngati chikwakwa, pakuti Aroma ankauona kuti ukukula. Oimba akwaya amadziwa m'bale wina, "crescendo", liwu la Chitaliyana louza oimba kuti akweze mawu pang'onopang'ono.

Wovuta m'banjali ndi "accrue". Adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, ndipo adakhazikika kubanki, kukhoti ndi muofesi ya olemba malipiro. Amanena za chinthu chimene chimamera pa chinzake chifukwa choti nthawi yadutsa, potsata lamulo kapena pangano. Palibe amene amachinyamula kudzachiika pamenepo. Kalendala ikamapita, icho chikubwera.

Chiwongola dzanja ndiye mwini wake wa mneniyu. Pa chikalata cha ngongole pakalembedwa kuti "Interest accrues daily", tanthauzo lake ndi loti tsiku lililonse, Lamlungu ndi tsiku la maliro lomwe, ngongoleyo ikubereka kamwana. Masiku a tchuthi cha kuntchito nawo amachita "accrue". Ku Britain munthu wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi ufulu wa masiku 28 a tchuthi pa chaka, ndipo m'chaka choyamba cha ntchito abwana akhoza kumamupatsa masikuwo pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo 12 mwezi uliwonse. Munthu wongoyamba kumene ntchito kumeneko akauzidwa kuti tchuthi chake sichinachite "accrue" mokwanira, sakumanidwa. Akuuzidwa kuti mbewu yake sinakhwime.

Fumbi silichita "accrue", ngakhale zinyalala kuseri kwa msika. Izi ndi za mulu. Wophunzira akalemba "accrue" pa zinyalala, Mngerezi amamva ngati kuti dzalalo lili ndi akaunti kubanki.

Pamene "accrue" ndi mulu zimakumana pali liwu lina lofunika kulimvetsa, "compound", lonena za chiwongola dzanja chimene nachonso chimabereka chiwongola dzanja. Aliyense amene adakongolapo kwa a katapila amachidziwa ngakhale sadziwa dzina lake. Tiyerekeze kuti munthu wakongola K100,000 pa chiwongola dzanja cha 10 peresenti pa mwezi. Ngati chiwongola dzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yoyambayo yokha, mwezi uliwonse pabwera K10,000, ndipo pakutha pa miyezi 12 ngongole yonse ndi K220,000. Koma ngati chikuchita "compound", mwezi wachiwiri 10 peresentiyo ichokera pa K110,000, wachitatu pa K121,000, ndipo pakutha pa chaka ngongoleyo yafika pafupifupi K313,800. Kusiyana kwa K93,800 konseko kwagona pa liwu limodzi la pa chikalata, limene anthu ambiri amasainira osaliwerenga. Kunja kwa nkhani za ndalama, mneniyu amatanthauza kuwonjezera vuto pa vuto lina: chilala chikagwa pa anthu amene adakokoleredwa kale mbewu ndi madzi, amati chachita "compound" mavuto awo.

Chingerezi chakale chinali ndi mneni wakewake wa kukula, amene lero amalembedwa "wax". Ndi m'bale wake wa "wachsen" wa m'Chijeremani. M'kupita kwa zaka "grow" adamulanda malo pafupifupi onse, moti lero adatsala kwenikweni ndi ntchito yonena za mwezi ukamakula kuchokera pa chikwakwa kufika pathunthu.

Kodi pali dzanja la munthu?

Wolankhula Chichewa sasokoneza kukwera ndi kukweza. Mtengo wa chimanga umakwera. Wogulitsa ndiye amaukweza. Galamala ya kusukulu imati mneni woyambayo ndi wosayambukira, wachiwiriyo ndi woyambukira chifukwa amafuna pamtherankhani. Chingerezi chili ndi awiri ofanana ndendende ndi amenewa: "rise" ndi kukwera, "raise" ndi kukweza. "Prices rose" ndi mitengo yakwera. "The shop raised its prices" ndi sitolo yakweza mitengo. Wonena kuti "Prices raised" wasiya chiganizo chili lende, ndipo womvera amadikira kumva kuti mitengoyo yakweza chiyani.

Aneni ambiri a kuchuluka amalola mbali zonse ziwiri popanda kusintha maonekedwe. Munthu akhoza kuchita "accumulate" mabuku, ndipo mabukuwo akhoza kuchita "accumulate" okha m'chipinda. Chichewa chikadasiyanitsa kuunjika ndi kuunjikana, koma Chingerezi chimangosiya mneniyo momwe alili.

"Amass" ndi wa gulu lofuna dzanja. Muzu wake ndi liwu la Chilatini loti "massa", mtanda wa ufa wokanda, ndipo chithunzi chake ndi cha munthu wokokera zinthu pamodzi mpaka zitakhala chimtanda chachikulu. Amafuna cholinga, komanso amafuna kuti chinthucho chikhale chambiri ndithu. John D. Rockefeller, amene adayambitsa kampani ya mafuta ya Standard Oil mu 1870, ndiye mtundu wa munthu amene mabuku amati "amassed a fortune". Wapolisi wofufuza mlandu amachita "amass" umboni, mfumu yokonzekera nkhondo imachita "amass" zida. Mwana wosunga makobidi m'kachitini sayenera mneni wolemera chonchi, pokhapokha ngati wolankhulayo akumuseka.

"Hoard" ndiye kudzikundikira kwenikweni: kusonkhanitsa n'kubisa, ena akusowa. Ndi liwu la Chingerezi chakale lotanthauza chuma chobisika. Mu 2009 munthu wina woyenda ndi makina ofufuzira zitsulo adapeza zidutswa zambirimbiri za golide ndi siliva zokwiriridwa m'munda pafupi ndi Lichfield ku England, za zaka zoposa 1,300 zapitazo. Chumacho chimatchedwa Staffordshire Hoard. Ngati dzina, liwuli lilibe mlandu. Ngati mneni, limaloza chala. Mu Malichi 2020, matenda a Covid-19 atafika, anthu a ku Britain ndi ku Australia adasesa mapepala a kuchimbudzi m'masitolo, ndipo nyuzipepala zidawanena kuti akuchita "hoard". Boma likasunga chimanga m'nkhokwe zake za ku Kanengo kuopa chaka cha njala, mneni wake ndi "stockpile", wonena za kusunga kokonzekera. Ntchito ya manja ndi yomweyo, kuika matumba pamwamba pa matumba. Mtolankhani akasankha "hoard" pa wamalonda ndi "stockpile" pa boma, wagamula kale mlandu asanalembe ndime yachiwiri.

Phiri, makwerero ndi kukwawa

Si aneni onse amaona mulu kapena mbewu. Ena amaona mtunda. "Mount" ndi wa banja limodzi ndi "mountain", phiri, ndipo poyamba ankangotanthauza kukwera, monga kukwera kavalo. Akamanena za kuchuluka, pafupifupi nthawi zonse amanena za zinthu zimene munthu sakuzifuna: ngongole, mantha, chiwerengero cha omwalira, madandaulo, chikakamizo choti nduna itule pansi udindo. Olemba mitu ya nkhani amamukonda chifukwa ndi wamfupi ndipo amamveka ngati ng'oma yochenjeza: "Pressure mounts". Phindu la bizinesi kapena zokolola zabwino kawirikawiri sizipatsidwa mneniyu. Chisangalalo chodikira chinthu, ngati cha ochemerera mpira masewero asanayambe, ndicho chimaloledwa, pakuti nachonso chimagunditsa mtima.

"Escalate" ali ndi mbiri yoseketsa, chifukwa adabadwa kuchokera ku dzina la malonda. Makwerero oyenda okha aja, opezeka m'mabwalo a ndege ndi m'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg, adapatsidwa dzina loti "Escalator" ndi Charles Seeberger, amene ankagwira ntchito limodzi ndi kampani ya Otis, ndipo adaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900. Dzinalo lidafala mpaka mu 1950 akuluakulu oona za mayina a malonda ku America adagamula kuti lasanduka liwu wamba la aliyense. Anthu adadula mchira wa dzinalo n'kupanga mneni. M'zaka za m'ma 1960, pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam ndi mantha a mabomba a nyukiliya, mneniyu adatchuka potanthauza mkangano umene ukukwera sitepe ndi sitepe. Chithunzicho n'cholondola mochititsa mantha: woponda pa makwerero oterowo amakwera ngakhale ataima chilili. Mkangano wa malire a munda umene udayamba ndi kuzulirana zikhomo, n'kufika potukwanana, kenako zikwanje, umenewo wachita "escalate". M'maofesi a masiku ano mneniyu adapeza ntchito ina yofatsa: kupereka dandaulo kwa bwana wa pamwamba.

Ochenjera kwambiri ndi aneni a kuyenda monyang'ama. "Creep up" ndi kukwawa, ngati nyalugwe woyandikira khola. Mtengo wa buledi ukamakwera ndi K50 mwezi uno, K50 mwezi wamawa, wogula osazindikira mpaka tsiku limene ndalama ya masiku onse yaperewera, amati wachita "creep up". "Inch up" adachokera ku inchi, muyeso wa masentimita 2.54, ndipo "edge up" ndi kusendera cham'mbali. Onsewa amanena za kukwera kochepa kwambiri. Amatsutsana ndi "soar", kuuluka ngati mphamba, ndi "rocket" kapena "surge", amene ndi a kulumpha kwadzidzidzi ndipo sali m'gulu la pang'onopang'ono.

Pakatikati pali "snowball". M'mayiko ozizira ana amaumba kampira ka chipale chofewa n'kumakagubuduza pansi. Kakamagubuduzika kamamatira chipale china, ndipo kakakula kamamatira chochuluka koposa. Choncho mneniyu amanena za chinthu choyamba pang'ono koma chofulumira pamene chikukula, monga mphekesera, sitalaka kapena ngongole ya katapila ija. "Mushroom", bowa, safuna kumasulira kwa munthu amene adaonapo chulu m'mawa mvula itagwa usiku: dzulo panalibe kanthu, lero pali mbuu. Nyumba zomangidwa mothinana m'mphepete mwa mzinda zimapatsidwa mneni ameneyu.

Mawu a muofesi ndi mawu a pakhonde

Wowerenga watcheru waona kale kuti aneniwa amayenda awiriawiri, wamtali ndi wamfupi: "accumulate" ndi "pile up", "increase" ndi "go up", "collect" ndi "gather". Gwero lake lalikulu ndi chaka cha 1066, pamene William wa ku Normandy adagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300 olamulira ndi makhoti ankagwiritsa ntchito Chifalansa, tchalitchi ndi anthu ophunzira ankalemba Chilatini, pamene alimi ankalankhula Chingerezi chawo. Zilankhulozo zitasakanikirana, mawu ambiri ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini adakhalabe ndi fungo la ofesi, ndipo mawu akale monga "grow", "gather", "heap" ndi "build" adatsala ndi fungo la pakhomo. Lamuloli lili ndi mabowo ake: "pile" naye adachokera ku Chilatini, koma adavula jekete kalekale.

Chingerezi cha m'kalasi chimakonda mawu aataliatali, ndipo ambiri amaganiza kuti liwu likatalika ndiye kuti munthu ndi wophunzira. Koma wouza mnzake pa tiyi kuti zovala zake zakuda zikuchita "accumulate" amamveka ngati akuwerenga lipoti. Aneni aafupi okhala ndi kamchira ka "up" ndiwo amalamulira macheza. "Run up" ndi wa ngongole imene munthu wadzipangira yekha mosasamala, ngati ya m'kope la pagolosale. "Rack up" ndi wa zigoli, mapointi ndi zindapusa. "Clock up" amamveka kwambiri ku Britain, ndipo ndi wa makilomita a galimoto kapena maola a ntchito. "Add up" ndiye amanena zomwe mwambi wa pang'onopang'ono ndi mtolo umanena: "It all adds up". Koma akamukana, tanthauzo limatembenuka. "It doesn't add up" ndi kunena kuti nkhaniyi sikumveka, pali chimene chikubisidwa.

Pali liwu limodzi la banja la kuchuluka limene mlimi wa fodya amalitchula chaka chilichonse. Chilatini chinali ndi mneni "augere", kuwonjezera. Mmenemo mudachokera "augment", mneni wa m'malipoti wotanthauza kuwonjezera pa chinthu chimene chilipo kale koma n'chosakwanira, monga mphunzitsi wowonjezera pa malipiro ake pogulitsa mandasi. Mudachokeranso "auction", malonda amene ogula amapikisana pokweza mtengo. Ndiye okushoni imeneyo, ya ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Dzinalo palokha limalonjeza kuti mtengo ukwera, ngakhale mlimi amene belo lake labwezedwa angakhale ndi maganizo ena.

Tiwiri tating'ono tosintha ndalama

Mneni akasankhidwa bwino, patsala msampha wa aperekezi awiri, "by" ndi "to". Woyamba amanena kukula kwa chowonjezeracho, wachiwiri amanena pamene chinthucho chafika. "The fare rose by K500" ndi kuti mtengo wa minibasi wawonjezeka ndi K500: ngati unali K1,500, tsopano ndi K2,000. "The fare rose to K500" ndi kuti tsopano mtengowo ndi K500, kuchokera pa wina wotsikirapo. Chichewa chimasiyanitsa bwinobwino, wakwera ndi, wakwera kufika pa, koma m'mayeso ndi m'makalata a kuntchito tiwiriti timasinthanitsidwa kawirikawiri.

Pa maperesenti msamphawo umazama. Chiwongola dzanja cha banki chikachoka pa 20 peresenti kufika pa 25 peresenti, akatswiri a zachuma amati chakwera ndi "five percentage points", osati "five percent". Kukwera ndi 5 peresenti ya 20 kukadangochifikitsa pa 21. Kuchoka pa 20 kufika pa 25 ndi kukwera ndi gawo limodzi la magawo anayi, ndiye kuti wokongola amene ankalipira K20,000 ya chiwongola dzanja pa chaka pa K100,000 iliyonse tsopano azilipira K25,000.